Kodi NAS ichepetsa mayunitsi a magetsi pakhomo panu? Tiwerengere kaye

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre, amene amajambula zithunzi ndi makanema pa zinkhoswe ndi maukwati. Iwo alemba motere: "Ndili ndi kompyuta yakale ya patebulo imene ndimasungamo ntchito za makasitomala anga onse. Mayi a kunyumba ndi mphunzitsi, nawonso amasungamo mapepala a mayeso, ndipo ana amaonera makanema pa TV kuchokera momwemo. Chifukwa cha zimenezi kompyutayi sizima, usana ndi usiku. Mayunitsi akutha msanga. Mnzanga wandiuza kuti ndigule kachipangizo kotchedwa NAS, akuti ndi kamene kamachepetsa magetsi. Kodi ndi zoona, kapena ndingotaya ndalama?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Mnzanuyo sananame, koma wakuuzani nkhani yoduka mutu. NAS nayo imadya magetsi. Mukaigula n'kuilumikiza, mwawonjezera pakamwa pena pa mita yanu. Phindu limabwera pokhapokha ngati kubwera kwake kukuchititsani kuzimitsa chinthu china chodya kwambiri. Kwa inu chinthucho chilipo, ndi kompyuta yosagonayo, ndiye funso lanu ndi lomveka. Koma ndikufuna muone manambala musanatulutse ndalama, chifukwa akhoza kukudabwitsani.

Kwa owerenga amene sanaionepo, NAS ndi nkhokwe ya mafayilo imene aliyense pakhomo amatapamo kudzera pa netiweki. Ndi kabokosi kokula ngati lofu ya buledi, m'kati muli kakompyuta kopanda sikirini ndi kiyibodi, komanso malo olowetsamo hadi disiki imodzi, ziwiri kapena zinayi. Mumakalumikiza ndi waya ku rauta, kachipangizo kogawa intaneti pakhomo, ndipo foni, laputopu ndi TV zimaona mafoda ake ngati ali m'kati mwawo. Mayina odziwika kwambiri ndi Synology ndi QNAP, makampani onse awiri a ku Taiwan. Ntchito imene kabokosika kamagwira ndi yomwe kompyuta yanu ikugwira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kompyuta ya patebulo inapangidwira ntchito zolemera, ndiye ngakhale ikungodikira, purosesa yake, mafani ake ndi bokosi lake la magetsi zimapitiriza kudya. Zili ngati kusiya lole ikulira pakhomo tsiku lonse kuti mwina wina afuna kupita kukagula mchere.

Tiwerengere tsopano. Yuniti imodzi imene mumagula ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Kompyuta ya patebulo yakale ikangokhala choyaka osagwira ntchito, sikirini itazimitsidwa, kawirikawiri imadya pakati pa mawati 40 ndi 80. Titenge 60. NAS ya madisiki awiri imadya mawati pafupifupi 15 pamene wina akutapamo, ndipo madisiki akagona imatsikira pa mawati pafupifupi 5. Manambala amenewa opanga amawalemba pa mndandanda wa chipangizo chilichonse, muziwayang'ana musanagule.

Munthu wogulitsa adzakuwerengerani motere: mawati 60 kwa maola 720 ndi mayunitsi 43, pamene NAS yogwira ntchito maola 6 n'kugona maola 18 pa tsiku imadya mayunitsi osafika 6 pamwezi. Ndiye akuti mwapulumutsa mayunitsi 37. Masamuwo alibe cholakwa, koma aiwala kuti inu ndinu wojambula. Kompyutayo mudzaiyatsabe kuti mukonze zithunzi ndi kudula makanema, ndipo pa ntchito imeneyo imadya kuposa 60. Tiyerekeze kuti mumakonza zithunzi maola 5 pa tsiku, kompyuta ikudya mawati 100. Lero lino, maola 5 amenewo pamodzi ndi maola 19 ongodikira akukudyerani mayunitsi 49 pamwezi. Mutagula NAS, n'kumazimitsa kompyuta mukamaliza ntchito, zonse pamodzi zifika pa mayunitsi 20. Mwapulumutsa 29.

Nayi tsopano mbali imene mnzanu sanakuuzeni. Musagule kanthu. Ingomazimitsani kompyutayo pogona, n'kuisiyanso chozima pamene ana ali kusukulu, mayi ali kuntchito, inu muli kokajambula. Iziyaka maola 10 okha pa tsiku: 5 a ntchito yanu, 5 a madzulo pamene banja likuifuna. Pamwezi pakhala mayunitsi 24. Ndiye kuti pakati pa kugula NAS ndi kungodina batani lozimitsa pali kusiyana kwa mayunitsi 4 basi. Tengani risiti yanu yomaliza ya ESCOM, gawani ndalama zimene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira, muone kuti yuniti imodzi ikukutherani zingati. Kenako chulukitsani ndi 4. NAS ya madisiki awiri pamodzi ndi madisiki akewo imafika madola a ku America mazana angapo, musanawonjezerepo zonyamulira ndi msonkho. Mukayerekeza ndalama ziwirizi muona kuti kabokosiko kadzakalamba kasanabweze mtengo wake kudzera m'mayunitsi.

Mawati ndawatchulawa ndi ongoyerekezera, kompyuta yanu ili ndi ake. Kuyeza n'kosavuta. Pali timamita ting'onoting'ono tolowetsa pa soketi, chipangizo n'kulowa pamwamba pake, timaonetsa mawati pompopompo. Ngati mulibe, mita ya pakhomo ikhoza kukuthandizani. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, mwachitsanzo 1000 imp/kWh. Izi zikutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 ndiye kuti yuniti imodzi yatha. Zimitsani zonse m'nyumba, ndi firiji yomwe kwa mphindi zochepa, musiye kompyuta yokha. Werengani masekondi apakati pa kuphethira kuwiri, ndipo mugawe 3,600 ndi masekondiwo. Ngati papita masekondi 60, kompyuta ikudya mawati 60. Ngati papita 40, ikudya 90. Mita yanu ikakhala kuti yalembedwa nambala ina osati 1000, masamu asinthe molingana nayo. Ndipo poti mwazimitsa kale zonse, yatsani chimodzichimodzi muone wakuba weniweni. Nthawi zambiri ndikaitanidwa pa nkhani ya mayunitsi, mlandu umagwera giza kapena hotipuleti. Giza ya mawati 3,000 ikayaka ola limodzi yadya zimene NAS ya mawati 15 ingadye kwa maola 200, kupitirira sabata yathunthu.

Mwina mukuti ndiye ndikukuletsani. Ayi. Pakhomo ngati panu, pamene anthu angapo amafuna mafayilo pa nthawi zosiyana, lamulo la kuzimitsa limasungidwa sabata yoyamba yokha. Mayi adzafuna pepala la mayeso 5 koloko m'mawa, mwana adzaiwala kuzimitsa usiku, ndipo pakutha pa mwezi kompyuta yabwerera ku moyo wake wakale. NAS imachotsa mkangano umenewu. Ubwino wake weniweni ndi woti imatha kukhala chodikira pa mtengo wochepa, yopanda phokoso, ndipo ntchito za makasitomala sizikhala mu kompyuta imene ana amaseweretsa. Gulani pa zifukwa zimenezo. Mayunitsi opulumukawo muwatenge ngati basela.

Mukasankha kugula, dziwani kuti mawati 5 aja sabwera okha. Amadalira kuti madisiki agonedi. Disiki yaikulu ya mainchesi 3.5 ikamazungulira imadya mawati 3 mpaka 6 ngakhale palibe akuiwerenga, ndipo ikaima imatsikira pansi pa wati imodzi. Mu NAS muli malo osankhira kuti madisiki aime pakapita mphindi zingati palibe wowagwiritsa ntchito. Vuto n'lakuti pali zinthu zambiri zimene zimawadzutsa. Ine ndinaphunzira zimenezi pakhomo panga. Ndinakhala miyezi iwiri ndikudzitama kuti kabokosi kanga kamagona usiku, mpaka tsiku lina ndinadzuka pakati pa usiku kukamwa madzi n'kumva madisiki akung'ung'uza. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi pulogalamu yosanja zithunzi imene ndinaikamo n'kuiiwala, inkalemba kanthu pa disiki mphindi zingapo zilizonse. Zina zimene zimachita chimodzimodzi ndi pulogalamu yokopera mafayilo pa intaneti, makamera a chitetezo amene amajambulira mu NAS, foni imene imatumiza zithunzi yokha nthawi iliyonse, ngakhalenso TV imene imafunsafunsa ngati pabwera kanema watsopano. Opanga ma NAS amakukopani ndi mapulogalamu ambirimbiri aulere. Iliyonse imene mwaika, funsani ngati ikulola madisiki kugona. Khutu lanu ndilo chida choyezera: usiku kukakhala zii, yandikirani mumve.

Nthawi yodikira madisiki asanagone isakhale yaifupi kwambiri. Disiki ikamadzuka imakoka magetsi ambiri kwa masekondi ochepa, mawati 20 kapena kuposa, ndipo kuima ndi kudzuka kambirimbiri pa tsiku kumatopetsa mota yake. Anthu a ntchito yathu amatsutsana pa nkhani imeneyi, ena amati disiki isamaime n'komwe. Ine ndimaika mphindi 20 kapena 30. Kudzuka kangapo pa tsiku sikupha disiki, koma mphindi 5 zimaichititsa kudzuka ndi kugona ngati mwana wodwala malungo. Kuposa pamenepo, ma NAS ambiri amalola kuika ndandanda yoti izizima yokha, tinene 11 koloko usiku, n'kuyaka yokha 5 koloko m'mawa. Ikazima motero imadya wati imodzi kapena kucheperapo. Ma NAS ena alinso ndi njira yotchedwa Wake-on-LAN, imene foni kapena laputopu imatumiza kauthenga pa netiweki kodzutsa chipangizo chozima. Njira imeneyi ilinso m'makompyuta ambiri a patebulo, ndipo mwina yanu ili nayo. Ngati ili nayo, mayi akhoza kuidzutsa ali kuchipinda, ndipo nkhani ya kugula ikhoza kuthera pomwepo.

Chinanso ndi chiwerengero cha madisiki. Disiki ya 8 TB ndi ya 2 TB (TB ndi muyeso wa kuchuluka kwa zimene disiki imasunga) zimadya magetsi osasiyana kwenikweni, chifukwa chimene chimadya ndi mota yozunguza mbale zam'kati. Ndiye madisiki anayi ang'onoang'ono otoleza m'makompyuta akale amadya pafupifupi kanayi poyerekeza ndi imodzi yaikulu yosunga zofanana. Ndimaona anthu akugula bokosi la malo anayi n'kulidzaza ndi madisiki akale poganiza kuti asunga ndalama. Amalipira pa mita mwezi ndi mwezi. Madisiki ang'onoang'ono a m'laputopu, a mainchesi 2.5, amadya wati imodzi kapena awiri, ndipo SSD, disiki yopanda mota ndi mbale zozungulira, ikangokhala imadya pang'ono kuposa pamenepo, koma kwa munthu wosunga makanema a maukwati mtengo wa SSD yokwanira ndi wowawa.

Pali njira zapakati zimene ndikufuna muziganizire musanaitanitse katundu kunja. Yoyamba, yang'anani kumbuyo kwa rauta yanu. Marauta ena ali ndi polowetsa USB, ndipo mukalowetsapo disiki amatha kuigawa pa netiweki. Rauta imakhala choyaka kale, ndiye mwangowonjezera mawati awiri kapena atatu. Imachedwa, siyoyenera kukonzerapo makanema, koma mapepala a mayi ndi makatuni a ana ikhoza kukwanitsa. Yachiwiri ndi laputopu yakale, ngakhale yosweka sikirini. Chivindikiro chili chotseka imadya mawati 8 mpaka 15, ndipo ili ndi batire lake lomwe, nkhani imene ndiifotokoza posachedwa. Onetsetsani kokha kuti batirelo silinatupe, lotupa lichotseni. Yachitatu ndi kakompyuta ka Raspberry Pi. Mtundu wa Pi 4, umene unatuluka mu 2019, umadya mawati pafupifupi 3 ukangokhala, uli ndi USB 3 ndi polowetsa waya wa netiweki wothamanga. Mukaikamo pulogalamu yaulere ya OpenMediaVault mwapanga NAS yanuyanu. Koma ndinene mosabisa, njira imeneyi imafuna munthu wokonda kutokosa. Ngati Loweruka lililonse muli pa ukwati ndipo Lolemba makasitomala akuimba foni, simudzakhala ndi nthawi yofufuza chifukwa chake disiki yasowa pa netiweki.

Tsopano nkhani ya kuzima kwa magetsi, imene kwa ife kuno ndi yaikulu kuposa mayunitsi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, tonse timadziwa chotsatira. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mabuku a malangizo a NAS amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sazimazima. Disiki ikadukiridwa magetsi ili pakati polemba, fayilo imene imalembedwayo ikhoza kuwonongeka, ndipo nthawi zina dongosolo lonse la mafayilo limasokonekera. Magetsi akamabwerera amathanso kubwera ndi mphamvu yopitirira n'kuwotcha adaputa. Choncho pa mtengo wa NAS muwonjezerepo UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi kwa kanthawi akazima. Sankhani yokhala ndi waya wa USB wopita ku NAS, kuti magetsi akazima iuze kabokosiko kuti kamalize zolemba n'kudzizimitsa bwinobwino. Koma UPS nayo imadya mawati angapo nthawi zonse posunga batire lake lodzaza, mwina ofanana ndi a NAS yogona. Mayunitsi 4 aja amene tinapeza akhoza kuthera pomwepa.

Komabe ndi pa nkhani yomweyi pamene chipangizo chodya pang'ono chimaonetsa ubwino wake. Ngati muli ndi sola kapena batire la pakhomo, mawati ochepa amasanduka maola ambiri. Batire la 12 V ndi 100 Ah limasunga pafupifupi yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo ngati ndi la mtovu simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, ndiye muli ndi pafupifupi 600 Wh, kutanthauza theka la yuniti ndi pang'ono. Kompyuta ya mawati 60 ilimaliza m'maola 10, osawerengera zimene inveta imadya payokha. NAS ndi rauta pamodzi, tinene mawati 23, zipitirira tsiku lathunthu. Ndiponso ma NAS ang'onoang'ono ambiri ndi marauta amalandira 12 V kuchokera ku adaputa yawo, ndiye pali tima UPS ting'onoting'ono topereka 12 V mwachindunji popanda kudutsa pa inveta. Apa samalani zinthu ziwiri. Musalumikize NAS ku batire la sola mwachindunji, chifukwa likamatchajidwa limakwera kupitirira 14 V, ndipo madisiki sakondwa nazo. Komanso onetsetsani kuti ka UPS kakupereka maampu okwanira nthawi imene madisiki akudzuka. Timene timagulitsidwira marauta tambiri n'tofooka pa ntchito imeneyi. Werengani maampu olembedwa pa adaputa ya NAS, musatsike pamenepo.

Chomaliza chimene sindingachisiye, poti mukusunga zithunzi za maukwati a anthu. Wogulitsa adzakuuzani kuti ndi madisiki awiri mwatetezeka, chifukwa NAS imalemba chinthu chimodzi pa onse awiri, njira imene amaitcha RAID 1. Izi zimakutetezani disiki imodzi ikafa, basi. Mwana akafufuta foda, yafufutika pa onse awiri. Mphenzi ikalowa, yapsereza onse awiri. Wakuba akathyola zenera amanyamula bokosi lonse. Palinso akuba a pa intaneti: mu Januwale 2022 kachilombo kotchedwa DeadBolt kanatseka mafayilo m'ma NAS a QNAP zikwizikwi amene eni ake anawasiya otsegukira ku intaneti, n'kumafuna dipo la Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Madzi akatayika saoleka, ndipo mkwatibwi sadzavalanso diresi kuti mumujambule kachiwiri. Ngati simukufunikira kutapa mafayilo muli kutali, musatsegulire NAS ku intaneti, ndipo sinthani pasiwedi imene inabwera nayo.

Mwayi wake n'ngwakuti njira yotetezera mafayilo ndi yomwenso imasunga magetsi. Disiki imene yachotsedwa pa soketi n'kuikidwa mu kabati siidya kanthu, ndipo mphenzi kapena kachilombo sizingaifikire. Dzifunseni kuti pa zithunzi zonse muli nazo, ndi zingati zimene munatsegula miyezi itatu yapitayi. Ndikukhulupirira kuti ukwati wa zaka zinayi zapitazo palibe akuufuna sabata ino, ndipo palibe chifukwa choti uzizungulira pa disiki usana ndi usiku. Ntchito zakale zikopereni pa madisiki awiri a USB, imodzi ikhale kwanu, ina mukasungitse kwa achimwene kapena kwa apongozi kudera lina. Kamodzi kapena kawiri pa chaka muziilumikiza n'kutsegula mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti ikadali yamoyo. Zotsala pa netiweki zikhale za chaka chino zokha, mapepala a mayi ndi makanema a ana. Mukatero mupeza kuti nkhokwe imene mukuifuna ndi yaing'ono kuposa mmene mumaganizira.

Ndikanakhala inu, mwezi uno sindikanagula kanthu. Ndikanayeza kompyuta ndi giza pa mita, n'kuika kompyutayo kuti izigona yokha pakapita mphindi 30 palibe woigwira, n'kuyesa ngati Wake-on-LAN ikugwira. Ndikanalemba mayunitsi otsala pa mita Lamlungu lililonse madzulo kwa masabata anayi. Ndalama yoyamba ndikanagulira madisiki awiri a USB aja ndi UPS. Ngati pakutha pa mweziwo banja likudandaula kuti kompyuta imachedwa kudzuka kapena ana akuisiyabe choyaka, pamenepo ndikanaitanitsa NAS ya malo awiri, yaing'ono yosafuna purosesa yamphamvu, n'kuilumikiza ku rauta ndi waya osati Wi-Fi. Muiike pamalo podutsa mphepo, osati m'kabati yotseka, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumachititsa fani yake kuzungulira kwambiri ndipo madisiki sakhalitsa. Mukayeza, nditumizireni masekondi amene mwapeza pa kanyali kaja pamodzi ndi nambala yolembedwa pambali pake, tidzawerengere limodzi ndi mawati enieni a kompyuta yanu.